Msilikali wakale akamabwebweta kutulo, musathamangire kumubweza kumudzi

Sabata yatha ndidalonjeza kuti lero tikambirana za katemera wa ana, koma nkhani imeneyo idikire kaye. Ndalandira kalata kuchokera kwa mayi wina wachitsikana wa konkuno ku Mwanza, ndipo chiiwerengereni mtima wanga sunakhale pansi. Dzina ndabisa monga mwa nthawi zonse. Kalatayo ikuti:

“Anamwino, ndine mayi wa ana awiri ndipo ndakhala pabanja zaka 7. Bambo anga ondibereka adali msilikali, adapuma kalekale. Mayi atamwalira chaka chatha tidawatenga kuti tizikhala nawo kuno kuboma. Vuto ndi loti usiku amabwebweta, mwinanso kukuwa kumene, n’kumatchula maina a anthu oti sitiwadziwa. Masana akayamba nkhani zawo za ku Mozambique satha, ndipo ndi zomwezomwezo tsiku ndi tsiku. Mwana wanga wamkulu, wa zaka 6, wayamba kuwaopa. Anzathu oyandikana nawo nyumba ayamba kunong’onezana kuti mdalayu amatamba. Amuna anga akuti tiwabweze kumudzi, apo ayi achoka ndi iwowo. Kumudziko kulibe wowasamala. Ndichite chiyani?”

Mwana wanga, pepa ndi maliro a mayi ako, pepanso ndi katundu wasenzayu. Ndisananene choti uchite, ndikuuze kaye za komwe bambo akowo adali, chifukwa ndikukayika ngati alipo adakukhazikapo pansi n’kukufotokozera.

Dziko la Mozambique lidali pa nkhondo yapachiweniweni pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo kuyambira chakumapeto kwa zaka za m’ma 1970 mpaka pomwe adasainirana za mtendere ku Rome pa 4 October 1992. Ife kuno tilibe doko lathulathu, katundu wathu ankadzera njanji za ku Beira ndi ku Nacala, ndipo nkhondoyo idadula zonse ziwiri. Kuyambira mu 1987 boma lidayamba kutumiza asilikali athu kukalondera njanji ya ku Nacala, kulowera pa Nayuchi kupita mkati. Ena mwa iwo sadabwereko amoyo. Masiku amenewo nkhani zotere sizinkakambidwa poyera, pakamwa pankamuika munthu m’madzi. Amene adabwerako adangovula yunifomu n’kukhala chete, ena zaka makumi atatu.

Ife a ku Mwanza nkhondo imeneyi tidaiona ndi maso athuwa. Ine ndidali namwino wachitsikana, diploma ikadali yatsopano. Kuyambira cha mu 1986 anthu ankalowa pa Zobue ndi m’tinjira ta m’tchire usana ndi usiku: amayi oyembekezera oti ayenda masiku anayi, ana otupa mapazi, abambo oduka miyendo ndi mabomba okwirira. Pofika mu 1992 othawa nkhondo m’dziko muno adaposa 1 miliyoni, ndipo msasa wa Luwani, womwe nthawiyo udali m’boma la Mwanza Neno asadaime payekha, udadzaza. Magalimoto a katundu opita ku Zimbabwe kudzera ku Tete ankayenda mumdipiti, asilikali kutsogolo, asilikali kumbuyo. Mpaka lero pali fungo lina lake lomwe ndikalimva limandibwezera mu wodi ija. Tsono ngati zili choncho ndi ine amene ndinkangomanga mabala, kuli bwanji munthu amene adali komwe mabalawo ankachokera?

Ndikuululireni tchimo langa, mwina lingakuthandizeni inu nonse amene muli ndi nkhalamba pakhomo. Malemu bambo anga adali a KAR, omwe kumudzi tinkangoti a Keyala. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse adakwera sitima ya pamadzi ku Mombasa, kudzera ku Ceylon, komwe lero ndi ku Sri Lanka, mpaka kukafika ku Burma mu 1944. Ankakonda kusimba za mvula ya kumeneko yosakata, za misundu yomwe inkawalowa m’nsapato, za malungo omwe adagwetsa anzawo. Ine, ndi kasukulu kanga, ndinkaona ngati akunditayira nthawi. Tsiku lina ndili pa tchuthi kumudzi adayambanso nkhani ya mtsinje wina womwe adawoloka usiku, ine n’kuwadula: “Bambo, zimenezo mudatiuza kale.” Adandiyang’ana, n’kuti: “Chabwino mayi, ndasiya.” Ndipo adasiyadi. Atamwalira tidapeza m’bokosi lawo lachitsulo mamendulo ndi chithunzi cha anyamata anayi atavala yunifomu, iwo ali chakumapeto. Enawo ndi ndani? Adabwerako? Palibe angayankhe. Mdzukulu wanga adandifunsa chaka chatha, pomwe adapatsidwa ntchito kusukulu yolemba mbiri ya banja lake, ndipo ine ndidangoti kukamwa yasa. Ngakhale dzina la mtsinje uja sindidalisunge.

Chomvetsa manyazi n’choti alendo adaona kufunika kwa nkhani zimenezi ife eni ake tili mtulo. Mphunzitsi wina wa ku America, Melvin Page, yemwe adali pa Yunivesite ya Malawi kumayambiriro kwa zaka za m’ma 1970, adayenda m’midzi ndi omuthandiza ake kufunsa nkhalamba zomwe zidaona nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, asilikali ndi amtengatenga omwe. Makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya. Buku lake, The Chiwaya War, lidatuluka mu 2000. Nkhalamba zonsezo zidapita, koma mawu awo alipo kamba koti wina adakhala pamphasa n’kufunsa. Bambo ako, mwana wanga, ali moyo, ali m’nyumba mwako, ndipo akufuna kulankhula. Ambiri amene adabwera ku Nacala safuna n’komwe.

Ukuti nkhani zake ndi zomwezomwezo. Pa zaka zanga zonse za m’chipatala ndidaona kuti munthu amabwereza nkhani yomwe sadaifikitsepo kumapeto. Amayamba, wina n’kuimirira kukaona ndiwo pamoto, wina n’kutenga foni, iye n’kulekera panjira. Mawa ayambiranso pomwe paja. Yesa kuwapatsa nthawi yawoyawo, masana osati usiku, mwina Lamulungu mukatha kudya, muli pakhonde mukusenda manachesi kapena kuswa mtedza. Manja akamagwira kanthu pakamwa pamamasuka. Akafika pomwe amalekera masiku onse, iwe funsa: “Ndiye zitatero chidachitika n’chiyani, bambo?”

Yamba ndi mafunso ang’onoang’ono. Munkadya chiyani? Madzi munkatunga kuti? Makalata a mayi ankakupezani bwanji? Mnzanu wapamtima adali ndani, kwawo kudali kuti? Funso limodzi lokha ndikukuletsa, iwe ndi aliyense pakhomopo: “Mudapha anthu angati?” Anyamata amakonda kufunsa zimenezi ngati akukamba za filimu. Limeneli ndi funso lotseka pakamwa, ndipo kwa ena limatsegula bala lomwe simungathe kulimanga. Akafuna kunena okha adzanena. Akangoti zii pakati pa nkhani, kapena misozi ikalengeza, usawakakamize, usawauzenso kuti aiwale. Khala nawo chete pang’ono, kenako uwapatse madzi akumwa. Akalola, jambula mawu awo pa foni, ndipo maina a anthu ndi malo uwalembe m’kope. Ndikuti akalola. Kujambula mobisa n’kukaika pa WhatsApp ya banja ndi chipongwe.

Za mwana wa zaka 6 uja. Mwana amaopa chomwe sadauzidwe. Muuze mwachidule kuti agogo adali msilikali, adaona zinthu zoopsa kalekale, ndipo nthawi zina amazilota monga momwe iyenso amalotera galu akumuthamangitsa. Basi. Za magazi ndi mitembo si za msinkhu wake, ndipo uwapemphe bambo mwaulemu kuti zimenezo azisungira akuluakulu. Koma pali zambiri zomwe msilikali wakale angamuphunzitse mdzukulu: kupolisha nsapato mpaka kuonekamo nkhope, kuyala bedi, kusunga nthawi, kumanga mfundo za chingwe, kuguba. Pajatu magule athu a malipenga, mganda ndi beni adachokera ku perete wa asilikali. Mwana akaguba ndi agogo ake masana, kukuwa kwa usiku sikumuopsa ngati kale. Ngati malo alipo, asagone chipinda chogundizana ndi cha agogowo.

Inu owerenga amene mulibe msilikali pakhomo musati nkhaniyi si yanu. Muli ndi agogo amene adapita ku Theba kukagwira ntchito m’migodi ya ku Joni, muli ndi azakhali amene adalera ana pa njala ya 2002, mwinanso alipo mmodzi amene akukumbukira njala ya 1949. Ndikamagwira ntchito ku sikelo ya amayi oyembekezera ndinkafunsa: kwanu kuli mapasa? Alipo adadwalapo shuga, BP, khunyu? Mayi anu ankabereka bwinobwino? Atsikana ambiri ankangoyang’ana pansi, osadziwa, chonsecho mayankho ali ndi gogo amene amusiya kunyumba akusenda chinangwa. Milandu ya malire a minda yomwe yadzaza kwa mafumu, ingati ikadatha pakadakhala woyenda ndi agogo m’malire iwo akadali ndi mphamvu? Amati mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma ena mwa mawuwa sagonera ayi, amapita ndi mwini wake kumanda.

Kuno kwathu aphunzitsi ena adayesapo kuitana madala atatu kuti akacheze ndi ana a sitandade 7 ndi 8: msilikali wopuma, wina wa ku Theba, ndi mayi wina amene adabwera ngati wothawa nkhondo n’kukwatiwa konkuno. Ndidapita kukaonerera. Belu lidalira, ana osadzuka. Msilikali uja, munthu woti timangomudziwa ndi kuledzera, adabwera atasita malaya, tsitsi atapesa. Makomiti a sukulu ndi magulu a achinyamata, ganizirani zimenezi. Sizilira ndalama, mwina botolo la fanta basi.

Tsopano ndivale kaye kachipewa kanga koyera, chifukwa kumvetsera kokha sikuchiza zonse. Kulota zoopsa mobwerezabwereza, kudzidzimuka chitseko chikamenyetseka kapena ana akaphulitsa makombola pa Khrisimasi, kupsa mtima msanga, kusowa tulo, kukana kukhala chofulatira khomo, kumwa mowa kuti agone: zimenezi ndi zizindikiro za bala la m’maganizo lomwe limatsala munthu akaona zoopsa. Achipatala amalidziwa bwino, limagwira asilikali m’maiko onse, limagwiranso opulumuka ngozi ndi amayi ogwiriridwa. Si misala, si mizimu, si ufiti. Limatha kugona zaka zambiri n’kudzadzuka munthu akapuma pantchito kapena akaferedwa. Ndipo taganiza, mwana wanga: mwina bambo ako sadayambe chaka chatha kukuwa. Mwina mayi ako ndiwo ankadzuka nawo usiku zaka zonsezi, kuwatonthoza, n’kumakubisirani anawo. Amene ankadziwa maina aja ndi amene mudamuika m’manda.

Akamakuwa usiku osawagwira mwadzidzidzi kapena kuwagwedeza, angakumenye asakudziwa. Yatsa nyali, ima chapatali pang’ono, uwaitane ndi mawu odekha, uwauze komwe ali: “Bambo, ndine, muli kunyumba ku Mwanza.” Akadzuka osawafunsa zomwe amalota, zimenezo n’za masana. Zikwanje ndi mipeni zisagone m’chipinda chawo. Mowa, makamaka kachasu, umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku ndipo maloto amaipiraipira. Tiyi wambiri madzulo achepetse. Ndipo chonde, osawagulira mapiritsi ogonetsa pamsika kapena kupempha kwa mnzako. Kwa okalamba mankhwala amenewo amasokoneza mutu ndi kugwetsa, ndipo nkhalamba ikathyoka chiuno nkhani imakhala ina.

Apite nawe ku chipatala cha boma. Ukafika upemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Anthu amaopa kuti akangotchula zimenezi ndiye kuti munthu atumizidwa ku Zomba Mental. Ayi, ambiri amathandizidwa ndi uphungu ndi mankhwala akugona kunyumba kwawo. Pomwepo awayeze BP ndi shuga, awaone m’makutu, chifukwa asilikali ambiri makutu adaonongeka ndi kulira kwa mfuti ndipo munthu wosamva bwino amalankhula mokuwa n’kumaoneka waukali. Uwauzenso ngati amadzuka kawirikawiri kukataya madzi, pakuti kwa abambo a msinkhu umenewu nalonso ndi vuto lodula tulo. Bambo akakana, usati “tiyeni mukaonetse mutu.” Nena kuti mukukayezetsa BP, zomwenso ndi zoona.

Pali zina zosadikira Lolemba. Akayamba kunena zoti kuli bwino angofa, akayamba kugawa katundu wawo, akasiya kudya, thamangira kuchipatala tsiku lomwelo ndipo asakhale okha. Akasokonezeka mwadzidzidzi, thupi likutentha, kapena pakamwa papindika, dzanja lalefuka, ameneyo akhoza kukhala malungo, matenda a m’chikhodzodzo kapena sitiroko. Ndipo ukaona kuti za ku Nacala akuzikumbukira bwino koma aiwala kuti adya kale nsima, asochera pochokera kumsika, sakuzindikira mdzukulu, amenewo akhoza kukhala matenda oiwalaiwala a ukalamba, omwe chisamaliro chake n’china. Uwafotokozere achipatala zonse mosabisa.

Munthu wotere amafunanso anzake omwe sangawafotokozere zambiri, oti akangotchula dzina la malo onse agwedeza mutu. Kuli bungwe la asilikali opuma la VELOM, funsa asilikali akale a m’dera lanu akulozera. Lamulungu lachiwiri la November chaka chilichonse dziko limakumbukira asilikali omwe adafera kunkhondo, nthawi ya timaluwa tofiira tija, ndipo mwambo umachitika pa zipilala za chikumbutso monga cha ku Zomba, cha ku Lilongwe ndi cha ku Mzuzu. Mukatha kusunga ya basi, apite ku Zomba ndi mdzukulu wawo, avale mamendulo ngati ali nawo. Inunso atsikana amene amuna anu adapita kukasungitsa mtendere ku DRC, sungani tsamba lino. Mu November 2018 tidataya asilikali 6 kufupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, yemwe bungwe la United Nations lidamulemekeza mu 2019 kamba kopulumutsa mnzake wovulala. Anzawo amene adali nawo tsiku limenelo adabwerera m’makomo, ndipo ena ndi amuna anu.

Nkhani ya ufiti ndiyo yandiopsa kwambiri m’kalata yako, usaitenge ngati miseche wamba. Mu January 2016 ku Neno, pafupi pompa, anthu adapha nkhalamba zinayi atazinamizira kuti ndizo zidatumiza mphezi yomwe idapha mtsikana wina. Zinthu zotere zimayamba ndi manong’onong’o ngati omwewa, kenako mwana wa neba akadwala malungo, zala zonse ziloza nyumba yako. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Usadikire kuti zikule. Gwirizana ndi bambo ako za zomwe unganene, kenako upite kwa amfumu kapena kwa wapampando wa m’dera lanu, ufotokoze kuti mdalayu ndi msilikali wopuma ndipo akulandira thandizo la kuchipatala. Mayi mmodzi kapena awiri oyandikana nawo, amene ukuwaona kuti ali ndi nzeru, uwaitane adzamwe tiyi bambo ali pompo. Wina akayamba kuopseza, ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Ndipo dziwa kuti kuwabweza kumudzi mbiri imeneyi ili pamsana, kukakhala okha m’nyumba akukuwa usiku, n’kuwaika pangozi yoposa ya pano.

Nditembenukire kwa inu, bambo a m’nyumba, poti ndikukhulupirira kuti akazi anu akuonetsani tsambali. Sindikukuonani ngati munthu woipa. Mwatopa, simukugona, m’mawa muli ndi ntchito, nyumba ndi yaing’ono, ndipo anzanu akukusekani. Ndikudziwanso kuti mwambo wathu sulola mkamwini kuzolowerana ndi apongozi, ndiye kukhala denga limodzi n’kovuta kale. Koma mawu oti “achoke iwo kapena ndichoke ine” ndi olemera kwambiri kwa mkazi amene waika mayi ake chaka chatha chomwechi. Akasankha inu, bambo ake n’kukafera okha kumudzi, mudzakhala naye m’nyumba koma mtima wake simudzauonanso. Ndaona mabanja otere, amafika mpaka ukalamba akudyera mbale imodzi koma osakhululukirana.

Chomwe ndikupempha ndi miyezi itatu. Apite kuchipatala, mowa uchepe ngati ulipo, apatsidwe nthawi yawo yolankhula. Itanani ankhoswe a mbali zonse ndi alongo ake a akazi anu, chifukwa katunduyu si wa nyumba imodzi: wina athandize ya mankhwala, wina awatenge mwezi umodzi pa chaka, ndipo ngati penshoni ilipo ikambidwe poyera, isakhale ya mwana mmodzi wochenjera. Ngati pamalopo mpata ulipo, kachipinda kapanja ka njerwa zowotcha kamathetsa mikangano yambiri. Inuyo yesani bawo. Simuyenera kulankhula zambiri, bawo limalankhula lokha, ndipo mdala amene amachita manyazi kulira pamaso pa mwana wake wamkazi mwina angamasuke kwa mwamuna mnzake. Pokhapokha atayamba kumenya ana kapena kugwira zida ali maso, apo ndiye yankho langa lisintha: ana ayambe atetezedwa, ndipo achipatala adziwe tsiku lomwelo.

Mwana wanga, popita kuchipatala usaiwale kabuku kawo ka zaumoyo ndi mankhwala alionse omwe akumwa, ngakhale achikuda. Lemberatu pa pepala kuti pa sabata amakuwa masiku angati ndiponso nthawi yanji, chifukwa ukalowa kwa dokotala mutu umabalalika. Pakatha mwezi undilemberenso, ndimve momwe zikuyendera, ndipo ngati bambo atakuuza kuti maina aja ndi a ndani, uwalembe m’kope lija tsiku lomwelo. Za katemera zija tikumane nazo Lamulungu likudzali.